Odi Wochokera M'sipika

Amene anayamba kundiuza anali alamu anga, achemwali awo a amuna anga. Ndiwo anawaperekeza abambowo ku chipatala cha maso, popeza ine mwendo unali utatupa ndipo ulendo wa minibasi sindikanautha. Pobwerera anawasiya ku Manjawira, kwa mwana wathu woyamba amene amakonza mafoni kumeneko, iwo n'kutsogola pa kabaza kuti adzandipeze ndili ndekha. Anandipeza ndikutonola chimanga pakhonde. Mpando umene ndinawapatsa anaukana. Anakhala pansi pafupi nane, n'kuyamba kutonola nawo ngati abwerera zomwezo.

"Alamu," anatero patapita kanthawi, "si ng'ala ayi. Ikanakhala ng'ala akanapala. Akuti mitsempha ya maso inauma. Kakuwala kamene akuonako nakonso kakupita."

Ndinafunsa ngati eni akewo auzidwa. Anati adokotala anawauza pamaso pawo, ndipo iwo anangothokoza, n'kufunsa kumene kuli chitseko.

Kuti mumvetse zimene zinatsatira, ndikuuzeni kaye kuti amuna anga anali munthu wotani. Pakhomo pathu pali m'mbali mwa njira yopita kumsika, ndiye anthu amadutsa tsiku lonse. Abambowa sankalola munthu kumaliza odi. Ukangoti "o", iwo ayankha kale kuti "Fikani, fikani," mpando uli m'manja. Anzanga ankandiseka kuti ndinakwatiwa ndi resitihausi. Nkhuku zanga zambiri zinathera alendo amene sindinkawadziwa n'komwe, ena ongofunsa njira. Kutchalitchi ankaimba besi m'kwaya ya akuluakulu, ndipo akadwala aliyense ankadziwa kuti nyimbo lero ilibe pansi. Ndimathokoza Mulungu chifukwa cha zaka zonsezo. Sindinagonepo ndi njala ya mawu m'nyumba muno.

Maso atatheratu, munthu uja anayamba kuchepa. Kutchalitchi anakana kupita. Ankati safuna kukokedwa dzanja ngati mbuzi yopita kumsika, anthu akuyang'ana. Pakhonde anasiya kukhala chifukwa ana odutsa ankaima n'kumawayang'anitsitsa, ndipo iwo ankamva kuti mapazi aima. Koma chinthu chimodzi chinatsala. Munthu akati odi, ankayankhabe ali m'nyumba, mawu onse athunthu ngati kale. Makutu awo anali akuthwa moti ankandiuza amene akubwera asanafike n'komwe, pongomva kakokedwe ka silipasi. Ine pemphero langa linali limodzi: maso apita, chabwino, koma abwerere pakati pa anthu.

Mwana wathu uja ndiye anabwera ndi nzeru ya homufiyeta. Ndi mwana wachifundo, anatengera bambo ake, kungoti chifundo chake chimathamanga. Anati, "Amayi, ngati ababa sakupita kutchalitchi, tchalitchi chibwere kwa iwo. Pali masipika oti mukawazunguliza m'nyumba, munthu amamva ngati ali pakati penipeni pa anthu. Kwaya kutsogolo, mpingo kumbuyo. Kwa munthu wosaona zikhala ngati wafikadi."

Ndinati zimenezo ine sindizidziwa. Iye anati ndiye chifukwa chake ndipite nawo ndikamve ndekha.

Sitolo yogulitsa zimenezi ili ku Manjawira komweko, ya bambo wina wachisilamu amene banja lake lakhala likugulitsa pamenepo kuyambira ndili mtsikana. Mayi ake ndiwo anandigulitsa nsalu ya ukwati wanga. Iye tsopano amagulitsa masola, mabatire, mawayilesi ndi masikirini. Atandiona anaseka.

"Achemwali, lero mwasochera. Kuno kulibe zitenje."

"Ndabwera kudzagula phokoso," ndinatero. "Akuti inu ndiye mumagulitsa labwino."

"Phokoso lilipo la mitundu yonse. Lina lothamangitsa apongozi, lina loitana apolisi. Inu mukufuna liti?"

Mwana wanga atafotokoza za bambo ake, munthu uja anasiya nthabwala. Ankawadziwa bwino, anadyapo kwathu. Anatulutsa zinthu ziwiri. Choyamba chinali sipika imodzi yaitali ngati mpini wa khasu, yoika pansi pa sikirini. Anati imeneyi mawu ake amachokera malo amodzi, ilibe mawaya ambiri, ndipo batire siidya kwambiri. Chachiwiri chinali katoni yaikulu: timasipika tisanu ndi chibokosi chimodzi cholemera chimene amachitcha sabufa, cha mawu apansi. Titatu n'tokhala kutsogolo, tiwiri kumbuyo kwa munthu.

"Ndikanakhala ine," anatero, "munthu wamkulu ndikanamutengera yaitaliyi. Wayilesi anaizolowera, amadziwa kuti ikulankhula pakona apo. Izi zozungulirazi ndi za anyamata okonda mafilimu a mfuti."

"Ababa wayilesi ali nayo kale," anayankha mwana wanga. "Ine sindikufuna amve tchalitchi chili uko. Ndikufuna akhale m'kati."

Anakangana pang'ono mwaulemu, kenako anati aweruze ndi mayi. Anandikhazika pa kasitulu pakati pa sitolo, timasipika atatiika pa makatoni mondizungulira, n'kundiuza kuti nditseke maso. Poyamba ndinamva mphepo. Kenako mvula inayamba kudontha kumbuyo kwanga, kumanzere, ikubwera, mpaka inafika pamutu. Ndinadzidzimuka, n'kunena kuti, "Ufa wanga ndauyanika panja." Onse anaseka, ine ndemwe ndinaseka mpaka misozi, kunja dzuwa lili phwee. Kenako anaika nyimbo ya kwaya. Inu, ndinamva amayi akuimba kumbuyo kwanga ngati ndakhala benchi lachiwiri, ndipo besi inkandigwedeza m'chifuwa monga ankachitira amuna anga tikaima moyandikana pamaliro. Ndinatsegula maso n'kunena kuti titenge zimenezi. Mwini sitolo anangoti, "Mayi anena," n'kuyamba kumanga katoni.

Panatsala nkhani ya kumene mawuwo azichokera. Apa ndiye anandizunguza mutu. Dishi akuti ndi yabwino pa mpira ndi nkhani, koma zambiri za pamenepo zimatuluka kutsogolo kokha, timasipika takumbuyo timangokhala ngati alendo osapatsidwa mbale. Fulashi ndi yosavuta, koma zimene waikamo ndi zomwezo mpaka uloweze. Njira yachitatu inali ya intaneti: kabokosi kakang'ono kolumikiza ku sikirini, kotenga mapemphero ndi mafilimu kudzera pa foni, bola bandulo ikhalemo. Mwana wanga anasankha kabokosiko ndi fulashi yapadera, ya masiku amene netiweki yakwiya. Sikirini anatenga yaing'ono. Anati, "Imeneyi ndi yanu, amayi. Ababa awo ndi masipika."

Anagwira ntchito Loweruka lonse. Anakhoma misomali m'zipupa, mawaya n'kuwayendetsa m'mitengo ya denga kuti bambo ake asapunthwe. Batire ya sola anawonjezera ina. Mpando wa abambo anauchotsa pakona n'kuuika pakati pa balaza, akuti pamenepo ndiye mawu onse amakumana. Kasipika kamodzi kakumbuyo kanakhala pamwamba pa zenera. Kachiwiri kanasowa malo, chifukwa chipupa cha mbali imeneyo n'chofewa, msomali sunkagwira. Ndiye anakapachika pa felemu ya chitseko cholowera. Palibe amene anaganizapo kanthu. Ine ndinangoyala kansalu koluka pamwamba pa sabufa kuti fumbi lisalowe.

Lamulungu lake tinaika mapemphero a tchalitchi china cha m'tauni, ochitika nthawi yomweyo. Abambo anakhala pa mpando wawo atavala jekete, chifukwa ndinawaumiriza. Poyamba anangouma. Nyimbo yachiwiri itayamba ndinaona chala chawo chikugunda pa bondo. Kenako besi ija inatuluka, yoyamba kuimva chichokereni kuchipatala. Ndinathawira kukhitchini kukagwada, chifukwa sindinafune amve kuti ndikulira. Ndili komweko netiweki inaduka pakati pa vesi, mpingo wonse wa m'tauni unangoti zii, n'kutsala mawu a amuna anga okha akupitiriza. Atazindikira anaseka. "Anthu a m'tauni satha mpweya," anatero. "Andisiya ndekha pa phiri." Tsiku limenelo anadya bwino, ndipo ananena okha kuti mwina Khirisimasi adzapita kutchalitchi kwathu akawaonetse anyamata kaimbidwe.

Masabata amenewo ndimawasunga mumtima. Sindiwanyoza ayi. Anali mphatso, ngakhale inali yaifupi.

Tsiku lina masana kunabwera amayi atatu a kumpingo kudzationa. Titapemphera, mmodzi anati wamva kuti kuno kuli kanema wolankhula m'zipupa, ndiye sachoka asanaone. Ndinaika filimu ya Chichewa imene mwana wanga anatisiyira, ya nkhani za m'banja. Abambo anali pa mpando wawo pakati, ife pa mkeka. Filimu ili m'kati, mawu a munthu wamwamuna anamveka pa chitseko penipeni: "Odi kuno."

"Fikani, fikani," anayankha amuna anga. Anaimirira msanga, n'kutembenukira kuchitseko, dzanja atalitambasula. "Mayi, apatseni mpando alendo. Pepani achimwene, maso ndilibe, koma mwafika."

M'filimumo munthu wina anatsegula chitseko, nkhani n'kumapitirira. Abambo anali chiimire, dzanja lili m'malere, akumwetulira khomo lopanda munthu. Mayi mmodzi kuseka kunamupulumuka. Sanachite dala, ndikumudziwa, ndipo anadzitseka pakamwa nthawi yomweyo. Koma makutu aja anamva.

"Wabwera ndani?" anafunsa.

Ndinayenera kuwauza. "Palibe, bambo. Ndi kasipika kapachitseko."

Anabweza dzanja pang'onopang'ono, n'kulipukuta pa thalauza ngati lagwira chonyowa. Anakhala pansi. Anati, "Pitirizani kuonera."

Ndinkayesa zithera pomwepo. Koma chinthu chija chinapangidwa kuti chizinamiza makutu, ndipo ntchito yake chinkaidziwa. Galu akauwa kumbuyo m'filimu, abambo ankandituma ndikaone nkhuku. Mwana akalira, ankafunsa ngati mdzukulu wagwa. Ife openya timayang'ana sikirini n'kudziwa kuti galuyo ali m'menemo. Iwo analibe poyang'ana. Anayamba kafunso kamene mpaka lero kamandilasa: "Mayi, zimenezo n'zenizeni?" Mvula yeniyeni itagwa koyamba chaka chimenecho, ikumenya malata, anandifunsa funso lomwelo. Ndinawatulutsa dzanja pa zenera kuti linyowe.

Mwana wanga atamva anabwera msangamsanga. Anachotsa kasipika kapachitseko, kenako kapazenera, n'kusintha kuti mawu onse azichokera kutsogolo. Anagwada pafupi ndi mpando n'kunena kuti, "Ababa, ndakonza. Tsopano chilichonse chomveka kumbuyo kwanu ndi munthu."

"Wachita bwino, mwana wanga," anatero bambo ake, akumusisita mutu ngati kamwana, chonsecho ndi bambo wa ana awiri. "Unkafuna zabwino. Koma ine ndingadziwe bwanji kuti wachotsa? Ndiona ndi chiyani?"

Anawagwiritsa timasipika tiwirito m'manja. Anatigwiragwira, n'kutibweza. "Nanga m'katoni muja munali tingati? Ine sindinawerenge."

Chimene chinatsiriza zonse chinachitika nthawi yopalira. Amuna anga ali ndi mnzawo wa ubwana amene anakwatira ku Kandeu, nkhalamba yoyenda ndi ndodo, amene ankaimba naye limodzi asanasamuke. Atamva za maso, anadzikoka ulendo wonsewo, minibasi ndi kabaza, kudzamuona mnzake. Ine ndinali kumunda kuyambira m'mawa. Makina onse ndinali nditazimitsa, chifukwa dzulo lake kunali mitambo ndipo batire inali yofooka.

Pobwera dzuwa lili pamutu, ndinapeza nkhalamba ija itakhala pa mwala wa pabwalo, chipewa chili pa bondo, tambala womanga miyendo ali pambali. Chitseko chinali chotsegula. M'katimo amuna anga anali pa mpando wawo, msana kuchitseko, ali maso.

"Mwafika liti, alamu?" ndinafunsa.

"Kale ndithu. Ndaodira mpaka tambalayu wayamba kundithandiza. Ndikumuona mnzangayo ali apo, koma sakuyankha. Ndiye ndinati kaya ndinamulakwira chiyani, ndidikire eni khomo."

Anthu a msinkhu umenewo salowa m'nyumba ya mwini asanayankhidwe, ngakhale chitseko chikhale chotsegula, ngakhale akhale mnzako wodya naye mbale imodzi. Ndiye anakhala padzuwa m'mawa wonse, munthu wodwala miyendo, mnzake ali mapazi ochepa chabe.

Ndinawalowetsa, n'kutenga dzanja lawo kuliika m'dzanja la amuna anga. Abambo analigwira, n'kupapasa chala chimene mnzawoyo anadulidwa ndi nkhwangwa ali anyamata. Nkhope yawo inagwa.

"Ndinakumva," anatero motsitsa. "Odi woyamba ndinakumva, ndipo ndinati mawu awa ndi ako. Koma ndinati ndikayankha andisekanso."

"Akuseke ndani, iwe? Tambala?" anatero mnzawoyo. "Ine ndimayesa wayamba kunyada poti wagula bayisikopo. Ndinati munthuyu walemera, odi wa amphawi sakuumvanso."

Inayesetsa nkhalamba ija, Mulungu aidalitse. Inakumbutsa za kale, inayambitsa nyimbo kuti mnzake alowe ndi besi. Amuna anga sanalowe. Dzanja lokha ndiye sanalisiye mpaka nthawi yotsanzikana. Mlendo atapita anandiitana.

"Mayi, ine ndakhazika mlendo padzuwa. Pakhomo panga."

Ndinati sanachite dala, ndipo mnzawoyo wamvetsa.

"Maso atapita ndinati ndatsala ndi makutu. Tsopano makutu ndawagwira bodza. Munthu ukamugwira bodza kamodzi, umamutumanso?"

 

Kuyambira tsiku limenelo anasamukira kuchipinda. Mpando uja ukadali pakati pa balaza, sindinaubweze pakona, kaya chifukwa chiyani. Odi sayankha, wa aliyense. Ngakhale ine ndikalankhula ndili pakhomo la chipinda amakhala chete mpaka ndiwakhudze phewa, ndiye amati, "Eya, ndinu." Akatero timacheza pang'ono, amafunsa za kumunda, za adzukulu. Khirisimasi ija inadutsa, inanso yadutsa. Jekete ili pa msomali. Abusa anabwera, akulu a mpingo anabwera, onse amawagwira dzanja n'kupemphera, iwo amathokoza mwaulemu, koma kutuluka ayi. Kuchipatala akuti m'makutu mulibe vuto lililonse, akumva kuposa ine. Ndiye mankhwala ake ndi ati? Anthu odutsa panjira anazolowera, sapatukanso. Nkhuku zanga zachuluka tsopano, ndipo sindikondwa nazo.

Masipika onse ali m'katoni yawo pansi pa bedi la alendo. Mwini sitolo uja atamva anabwera yekha pa njinga yamoto, akuti awatenge atipatse sipika yaitali ija. Sananene kuti paja ndinanena, ngakhale mpata unalipo. Anaodira pakhomo, n'kudikira, kenako anandiyang'ana, maso ake atafiira. Abambo anakana kusinthako. Anati m'nyumba muno musalowenso chinthu cholankhula chopanda dzanja. Ndi wayilesi yawo yakale yomwe anaipereka kwa achemwali awo aja.

Amene akundimvetsa chisoni kwambiri ndi mwana wanga. Amabwera ndi shuga ndi sopo, amakhala pakhonde, koma kuchipinda amalowa mwamantha. Amati ndi iye anawapha bambo ake makutu. Ndimamuuza kuti m'sitolo muja tinali awiri, ndipo tonse tinkafuna munthu wathu aimbenso. Anaimbadi, ndinamumva ndi makutu angawa. Zimenezo palibe angandilande, ndipo ndimathokoza. Koma ndikanena kuti ndikuona kumene zithere, ndinama. Ndimapemphera m'mawa uliwonse monga kale, kungoti masiku ano pemphero langa lafupika. Ndimangoti, Ambuye, mukudziwa.

Inu amene mwawerenga izi, mutikumbuke, ine ndi amuna anga ndi mwana wathuyu, mukamagwada. Ndipo ngati njira yanu idzadutsa kwathu kuno, mukadzaona nyumba ya malata ili ndi sola padenga ndi mpando pakati pa balaza, patukani. Odi nenani, poti ndi mwambo, koma yankho musalidikire. Ine mwini khomo ndakulolezani kale. Lowani mpaka kuchipinda, muwagwire dzanja, kenako munene kuti ndinu ndani.